Chogwirira Chili Kumanja

Amuna anga anthu amawatchula kuti a Sikweya, ndipo dzinali analivutikira. Sikweya ndi kachitsulo kopindika ngati chigongono kamene akalipentala amayezera ngati ngodya yawongoka. Anthu anzeru amakasiya m'bokosi la zida. Kawo kankakhala m'thumba la malaya, ndipo kankapita nawo kulikonse, ngakhale kokacheza. Tikafika kwa eni ake, ine ndili kalikiliki kupereka moni, iwo maso ali pa chitseko cha kabati. Kenako mungoona dzanja likulowa m'thumba. Ndinawatsinapo kambirimbiri kunsi kwa tebulo, koma munthu wake samva kutsina.

Moyo wawo wonse wa ntchito unathera pa fakitale yosindikiza mabuku, pa makina odulira mapepala. Mpeni wa makinawo ndi wautali kuposa mkono wa munthu, ndipo sutsika pokhapokha utadina mabatani awiri nthawi imodzi, lina kumanzere lina kumanja, kuti pasakhale dzanja lotsalira kunsi kwa mpeni. Anzawo ena ankapanikiza batani limodzi ndi kamtengo kuti ntchito ithamange. Iwo ayi. Mawu awo anali amodzimodzi, kuntchito ndi kunyumba komwe: “Makina amafuna manja awiri. Wopanda awiri asayandikire.” Mwana wathu, yemwe ndi mmodzi yekha, anakula akumva zimenezi ngakhale akamapopa njinga. Tsiku limene amuna anga anapuma ntchito anafika pakhomo n'kuimika manja pamaso panga ngati agwidwa ndi apolisi.

“Werengani, mayi,” anatero. “Zonse khumi ndatuluka nazo.”

Kuseri kwa nyumba yathu kuli galaja imene tinamangira galimoto yomwe sitinagule. M'menemo ndi mmene munakhala kwawo kwenikweni atapuma. Sanali kalipentala waganyu, ndipo sanagulitsepo kanthu n'kamodzi komwe. Ankapanga timipando, mashelefu ndi mabokosi n'kumangogawa. Abale athu onse ali ndi timipando toposa anthu a m'nyumba zawo, moti mlamu wanga anafika pomanamizira kuti kulibe akationa tikubwera titanyamula kanthu kokulunga. Ine nkhondo yanga inali ya utuchi. Unkalowa m'nsapato, m'tsitsi, m'mabulangete, mpaka m'shuga. Iwo akangolowa m'nyumba, ine pambuyo ndi tsache, pakamwa pakutuluka moto. Ndiye dzina langa linakhala a Tsache, ndipo ankanditchula choncho ngakhale pamaso pa alendo.

Chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti ine mwini nyumba ndinalibe mpando. Ndinapempha kalekale mpando wa nsana wautali, chifukwa nsana wanga sugwirizana ndi masofa ofewa. Yankho linali limodzi: “Wanu ufunika thabwa labwino.” Zaka n'kumapita, anthu osawadziwa n'komwe akukhalira timipando tawo. Thabwa labwinolo linapezeka chaka chatha. Analidula, kulipala mpaka linkaterera, kusema miyendo, n'kulemba ndi pensulo malo onse oboola. Kunangotsala kuboolako.

M'mawa wina tikumwa tiyi, kapu inagwa m'manja mwawo. Ndinayamba kukalipa za kapu, ndisanaone kuti pakamwa pawo papotoka. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Patapita miyezi mwendo unabwerera, ngakhale amaukoka pang'ono. Pakamwa panawongoka, mawu anabwerera. Dzanja lamanja ndi limene silinabwerere. Limangolendewera, zala zitapindikira mkati. Munthu amene anapulumutsa zala khumi ku mpeni uja, zisanu zinapita ali pa tebulo lake, popanda dontho la magazi.

Atapezako mphamvu analowa m'galaja, ine ndikuonera pazenera la kukhitchini. Anatenga choboolera chamagetsi cham'manja ndi dzanja lamanzere n'kuyesa pa kathabwa kotsala. Atatha anaika pensulo m'bowomo n'kuimika kasikweya pambali pake. Pensuloyo inapendekera. Anayesanso, n'kuyesanso, zomwezo. Kenako anatseka galaja, kulowa m'nyumba, kutsegula dirowa imene timasungamo masipuni a alendo, n'kuikamo kasikweya kaja. Kuyambira tsiku limenelo malo awo anakhala pa sofa ya pazenera.

M'nyumba munayera. Ndinkasesa m'mawa, kufika madzulo pansi pali mbee. Sindinkadziwa kuti ukhondo ungandiopse chonchi. Anasiya kutsutsa, anasiya kunyoza mipando ya pa kanema, chakudya ankangochigwiragwira. Dokotala ankati magazi akuyenda bwino, tizingopitiriza mankhwala. Koma ine ndakhala ndi munthuyu kuyambira ndili mtsikana, ndipo ndinkaona kuti akutha. Ndinkadziwa kuti akapanda kubwerera m'galaja muja, pa sofa paja ndi pamene tidzawanyamule.

Maganizo a makina anabwera ndi mwana wathu. Amagwira ntchito ya mu ofesi, ali ndi banja lake, ndipo amabwera Loweruka lililonse kudzationa.

“Bambo, alipo makina oboolera oima pansi,” anatero atakhala m'mphepete mwa sofa. “Ali ndi katebulo koikapo thabwa. Kachitsulo koboolera kamatsika kokha mowongoka, sikangapendekere. Inu n'kungokoka chogwirira basi.”

“Ndimawadziwa,” anayankha maso ali panja.

“Ndiye tiyeni mukasankhe nokha. Ine ndikasankha mudzati ndagula zopotoka.”

Sanavomere, koma Loweruka lotsatira ndinawapeza atavala kale nsapato.

Sitolo yake inali yaikulu, yonunkha girisi ndi mphira. Mwana wathu anali atawerenga zonse pa foni, za mphamvu ya injini, za liwiro, za kutalika kwa mzati, ndipo ankazilakatula ngati akulemba mayeso. Wogulitsa anali bambo wa ovolosi yoyera kwambiri, yoti girisi sinaionepo. Anayamba kutionetsa timakina ting'onoting'ono toika pa tebulo.

“Ito n'toseweretsa ana,” anatero a Sikweya chapakhosi.

Aka kanali koyamba kuwamva akunyoza chinthu chichokereni kuchipatala.

Tinafika pa aakulu oima pansi, aatali kundiposa. Anawazungulira pang'onopang'ono akukoka mwendo. Anagwira pamene pamalowa kachitsulo koboolera n'kugwedeza uku ndi uku.

“Awa akugwedera. Bowo lake lidzatuluka ngati dzira.”

Anapita pa ena, kugogoda katebulo ndi chala, kusuzumira kunsi. Kenako dzanja linapita lokha kuthumba la malaya, n'kupeza mulibe kanthu. Ine ndinatsegula chikwama. Kasikweya kaja ndinali nditakatulutsa m'dirowa m'mawa womwewo, ndipo ndinawapatsa osawayang'ana kumaso. Anakalandira. Anakaimika pa katebulo, kutsinzina diso limodzi, kupukusa mutu, n'kupita pa ena. Wogulitsa uja thukuta linayamba kutuluka. Ine ndinkangomwetulira ndekha, chifukwa mavuto amene ndakhala nawo moyo wonse tsopano anali atagwera munthu wina.

Pomaliza anaima pa ena akuda. Anayeza kutsogolo, kuyeza m'mbali.

“Awa ndiye makina,” anatero.

Wogulitsa nkhope inawala. “Tsitsani nokha, bambo, mumve kufewa kwake.” Anatero uku akuyatsa.

Apa ndi pamene tonse tinaona chimene palibe anachiganizira, ngakhale foni ija. Chogwirira chotsitsira chinali kumanja. A Sikweya anaima patsogolo pa makinawo, phewa lamanja n'kugwedezeka pang'ono, dzanja osanyamuka. Ndiye anatambasula lamanzere kudutsa pamaso pawo kuti akachigwire, mkono wa malaya n'kulendewera pafupi penipeni ndi chitsulo chozungulira chija. Mwana wathu anakuwa. Wogulitsa anazimitsa msangamsanga. Anthu amene ankasankha utoto chapatali anatembenuka kutiyang'ana.

“Achimwene,” anatero amuna anga motsitsa mawu, “a chogwirira kumanzere muli nawo?”

“Pepani bambo. Onse amene timalandira ife chimakhala kumanja.”

“Onse?”

“Ine sindinaonepo ena.”

Anandibwezera kasikweya kaja. “Sungani. Tiyeni kunyumba.”

Tinalowa m'galimoto n'kuyenda mpaka kudutsa msika. Kenako mwana wathu anakonza pakhosi.

“Bambo, ndalakwitsa ndine. Sindinaganize bwino. Paja munkanena nokha kuti makina amafuna manja awiri.”

“Ndinkanena.”

“Ndiye tisakakamize. Galaja ija tiikonze bwinobwino, tiikemo sofa ndi wailesi, muzipumamo. Zidazo tingapatse ena.”

“Wanena zoona, mwana wanga.”

Ndinali kumpando wakumbuyo, ndipo ndinalakalaka kumumenya khofi la pankhongo. Si mwana woipa ayi. Ankayendetsa ali ndi mantha, chifukwa anali ataona mkono wa malaya uja bwino kuposa ine. Koma munthu kumugwetsa ndi mawu ake omwe, zinandiwawa zedi. Chowawa koposa chinali chakuti a Sikweya, amene amatsutsa ngakhale wolosera zanyengo, anavomera.

Lolemba ndinawauza kuti ndikukaona mnzanga. Ndinavala jekete la matumba akuluakulu, kuika dzanja lamanja m'thumba, n'kulumbira mumtima kuti silitulukamo mpaka nditabwerera. Kukwera basi kokha kunandiphunzitsa zambiri. Ndinalowa sitolo ina ya zida, osati ya ovolosi yoyera ija. Wogulitsa anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Amayi, makina osokera ali mbali inayo.”

Ndinamuyang'ana mpaka anadziwa yekha kuti walakwa.

Ndinayamba kuyesa makina ndi dzanja lamanzere, sitolo ndi sitolo, ali ozimitsa. Ukaima patsogolo penipeni n'zosatheka, mkono umadutsa pa chitsulo. Koma ndinapeza kuti ukasendera kumanja mpaka chogwirira chikhale kumanzere kwako, dzanja limagwerapo lokha. Ndinasangalala, koma osati kwa nthawi yaitali. Utaima pamenepo, makina ena swichi yake ili kutsidya, moti kuti uzimitse uyenera kudutsanso pa chitsulo chomwe chija. Ena katebulo kake n'kokweza ndi manja awiri, ndipo n'kolemera koti ukakamasula ndi dzanja limodzi kangakugwere paphazi. Ena katebulo kalibe mipata yolowetsamo zopanira, chonsecho munthu wa dzanja limodzi alibe logwirira thabwa, ayenera kulipana ndithu. Ogulitsa ankandiuza za mphamvu ya injini, ine ndikufunsa za swichi. Ena ankakodolana n'kumaseka, ankaganiza kuti mutu sukuyenda bwino. Kufika masana phewa lamanzere linali litatopa, mapazi akuwotcha, ndipo ndinali nditatsala pang'ono kuvomereza kuti mwana wathu ananena zoona.

Munthu wina wowotcherera zitsulo ndi amene anandilozera bwalo la makina akale, kuseri kwa msewu umene iye ankagwirirako ntchito. Mwini wake anali mayi wonenepa, wa mawu aakulu, wovala epuloni yakuda ndi mafuta. Anandisiya ndizungulire ndekha pakati pa zitsulo zadzimbiri, akundionera ali pa mpando wake. Kenako anadzuka.

“Dzanja muli kubisalo, vuto ndi lanu kapena la munthu wina?”

“La amuna anga.”

Sanafunsenso zambiri. Ananditengera pakona n'kuvundukula lona. Panali makina obiriwira, utoto utakanganuka m'malo ambiri, oipa maonekedwe ndithu. Koma swichi inali kutsogolo, batani lozimitsira lili lalikulu, lofiira, loti ungomenya ndi chikhatho. Katebulo kankakwera ndi chopukusa. Mipata ya zopanira inalipo. Chogwirira chinali cha nthambi zitatu, moti kulikonse kumene waima, imodzi imakhala pafupi. Anayatsa kuti ndimve, ndipo ankalira mosalala, osagwedera.

“Chimodzi chokha sindikunamizani,” anatero mayiyo. “Kusintha kachitsulo koboolera kumafuna manja awiri, lina kugwira, lina kumanga. Pamenepo palibe kuchitira mwina.”

“Amenewo ndili nawo ine,” ndinatero, n'kutulutsa dzanja m'thumba. Linali litachita dzanzi.

Ndinawagula, ndipo anabwera nawo pa lole patapita masiku angapo. Amuna amene anawanyamula ankafuna kuwakankhira kukhoma, monga mmene aliyense amaimikira makina. Ndinakana. Ndinawauza kuti awaimike pakati, kumanja kutsale malo oti munthu aime momasuka, ndipo awamange pansi ndi mabawuti. A Sikweya ankaonera zonsezi ali pa sofa. Nditalowa m'nyumba sananditembenukire.

“Wakutumani ndani?”

“Palibe.”

“Abwezeni.”

“Amangidwa kale pansi.”

“Mukufuna mundione ndikuchita manyazi kawiri? Kusitolo kuja sikunakukwaneni?”

M'galaja sanapondemo.

Loweruka mwana wathu ataona makinawo, ananditengera kuseri kwa nyumba kuti bambo ake asamve. Sindinamuonepo atakwiya choncho.

“Amayi, dzanja latsala limodzi. Limodzi! Likapita limenelo muziwadyetsa ndi sipuni, muziwasambitsa, muziwamanga mabatani. Mudzandiuza chiyani tsiku limenelo?”

“Pa sofa paja akufanso, mwanawe. Kungoti sipakuoneka magazi.”

“Bola pa sofa ali ndi zala.”

Mawu amenewo amandivutabe mpaka lero. Anapita osamaliza tiyi.

Masiku anapita, makina aja ali chiimire, fumbi likuwagwera. Ine mantha anasanduka mkwiyo. Ndinali nditayenda tauni yonse ndi dzanja limodzi, kusekedwa ndi ogulitsa, kukangana ndi mwana wanga, ndipo munthu amene ndinamuchitira zonsezi ankangoyang'ana mpanda. Tsiku lina masana zinandikwana. Ndinaima pakati pa iwo ndi zenera.

“Ngati simuboola mpando uja, ndikaboola ndekha. Nsana ndi wanga.”

Sanaphethire n'komwe.

Ndinalowa m'galaja n'kutenga thabwa labwino lija, zilembo za pensulo zikuonekabe. Kachitsulo kanalimo kale, mayi uja anali atandimangira kakakulu koyenera miyendo ya mpando. Zopanira zinali pakhoma, ndinaziona ndithu. Koma ndinati zimenezo n'za anthu a dzanja limodzi, ine ndili nawo awiri. Ndinagwira thabwa ndi lamanzere, kuyatsa, n'kukoka chogwirira ndi mkwiyo wanga wonse. Kachitsulo kanaluma thabwa n'kukanirira. Thabwa linandipulumuka, kuzungulira, n'kundimenya m'nthiti. Ndinagwera pa mulu wa zidutswa, mpweya utandithera, thabwa likumenya mzati wa makina kuti gu, gu, gu. Kenako kunati zii.

A Sikweya anali ataima kumanja kwa makina, chikhatho chili pa batani lofiira. Anali atanditsatira kale n'kuima pakhomo, ine osadziwa.

“Mwapenga?” anakuwa. “Thabwa losapana! Mukukoka ngati mukutunga madzi pa mjigo! Manja awiri muli nawo, nanga nzeru munasiya kuti? Likanakumenyani kumutu bwanji?”

Nthiti zinkawawa koopsa, misozi ikutuluka yokha. Koma mawu amenewo ndinali ndisanawamve chichokereni kuchipatala, ndipo ndinangogona pomwepo kuwamvetsera mpaka anatha.

“Mwathyoka?” anafunsa pambuyo pake.

“Ayi.”

“Ndiye dzukani, mutenge zopanirazo. Kasikweya kali kuti?”

“M'chikwama.”

“Katengeni.”

Anayang'ana thabwa nthawi yaitali. Panali chilonda pamene kachitsulo kanakanirira, koma silinang'ambike. Anaimika kasikweya pa katebulo n'kutsinzina diso.

“Kapendekera. Munagula osayeza?”

“Ndinayeza zina.”

Anayang'ana batani lofiira, chopukusa, ndi malo amene ndinasiya kumanja. “Ndaziona,” anatero. “Ndinaona tsiku lomwe lija chifukwa chimene munawaimikira pakati.”

Tinawongola katebulo, ine ndikugwira, iwo akumanga ndi sipanala. Tinapana thabwa mbali zonse. Anandiuza kuti ndikoke pang'onopang'ono, ndizibweza kuti utuchi utuluke. Ndinkayembekezera kuti andikankha n'kugwira okha, koma anaima patali, dzanja lili kumbuyo. Bowo litatha anaikamo kamtengo kokwana bwino n'kuimika kasikweya pambali pake. Panalibe mpata ngakhale woti tsitsi lilowe.

“Lawongoka,” anatero. “Koma si ine ndaboola.”

Anatuluka n'kubwerera pa sofa. Ine ndinatsala ndi makina anga obiriwira ndi nthiti zowawa, ndikuganiza kuti ndangowonjezera chilonda. Mwana wathu sindinamuuze za nthitizo.

M'mawa mwake ndikutsuka makapu, ndinamva makina akulira.

Miyendo inafuna kuthamanga yokha. Ndinafika mpaka pachitseko cha kukhitchini, n'kuima. Ndikalowa, ndiye kuti ndawauza kuti sangathe okha. Ndikapanda kulowa, mwina ndikhala nditamvetsera dzanja lomaliza likupita. Ndinabwerera n'kukhala pa kampando kena mwa timipando tawo, foni ili m'manja, nambala ya mwana wathu ili pagalasi. Ndinamva kulira kukusintha pamene kachitsulo kanalowa m'thabwa. Kunapepuka, kulemeranso, kupepukanso. Kenako makina anazima. Sindinamve kukuwa, koma munthu ameneyu ngakhale atadulidwa mwendo sangakuwe, ndiye kukhala cheteko sikunandiuze kanthu.

Patapita nthawi ndinamva mapazi, lina likukokedwa. Chitseko chinatseguka. Sindinayang'ane nkhope, ndinayang'ana dzanja. Zala zinalipo zonse. Kenako ndinaona kasikweya katasuzumira m'thumba la malaya, ndi utuchi umene unawatsatira kuyambira pakhonde mpaka pakati pa khitchini yanga yokolopa kumene.

“A Tsache,” anatero, “mwapuma ntchito?”

Mpando uja sunathebe. Ntchito imene kale inali ya tsiku limodzi tsopano imatenga sabata, chifukwa chilichonse n'chopana, kumasula, kupananso. Masiku ena zimawakanika, amataya chopanira pansi n'kubwerera pa sofa, osalankhula mpaka madzulo. Akafuna kusintha kachitsulo amandiitana, ndipo amadana nako kuitanako, moti amangogogoda khoma ndi nyundo. Mawu aja a manja awiri sanawanenenso, komanso sanawabweze. Mwana wathu amabwerabe Loweruka, koma kugalaja sapitako, ndipo akamatsanzika amandiyang'ana mwa mtundu wina. Sindimuimba mlandu. Mwina tsiku lina zidzaoneka kuti wolondola anali iyeyo, ndipo amene anasankha makinawo ndine, palibenso wina.

Makina akamalira sindigwira ntchito iliyonse. Ndimakhala pa kampando kaja, foni pafupi, mpaka azime. Ndinkaganiza kuti ndimabisa bwino, koma munthu amene amaona chitseko chopendekera m'nyumba ya eni sangalephere kuona kumene maso a mkazi wake amayambira. Masiku ano akamatuluka m'galaja salankhula kaye. Amaima pakhomo la khitchini n'kuimika dzanja lamanzere pamaso panga, zala zitatambasuka, utuchi ukugwa kuchokera m'mkono wa malaya.

“Werengani, mayi.”

Ndipo ndimawerenga ndithu.